Kalaliki wa Sikelo

Zaka khumi ndi zinayi pampando umodzi,
mushedi ya malata m'mbali mwa msewu wa ku Makwasa,
ndikupachika madengu a tiyi pasikelo,
kulemba makilo a anthu ena.
Anga anabwera osaodira,
ngati chiperoni chotsika usiku.
Tsiku lina ndinawerama, zala za kumapazi osaziona.

Kuchipatala cha Thyolo anati vulani nsapato, kwerani.
Muvi unadutsa handiredi, nukapumira pa seveni.
Sisitala Nampinga sanaseke.
Anandibaya chala, kadontho kanaulula zonse.
Bambo Khuliwa, shuga akuzungulira m'magazi mwanu
ngati mlendo wosowa kogona.
Minofu yokhala khale yaiwala kumutsegulira chitseko.

Ndinati ine kuthamanga mpaka ku Luchenza sindingathe.
Anati watchula Luchenza ndani?
Mtima tauyeza, walola.
Thamangani mphindi imodzi ngati mwaputa njuchi,
yendani ziwiri, mpweya ubwerere,
kenako njuchi zija zibwerenso.
Kasanu ndi kamodzi. Katatu pa sabata. Basi.

Wotchi yanga inafa kalekale,
ndiye ndimawerenga mabulugamu a m'malire mwa munda.
Khumi ndikuuluka, mimba patsogolo, ine pambuyo,
enawo ndikukwawa, manja m'chiuno,
mtima uli gu, gu, gu m'makutu.
Othyola tiyi anaimika manja m'mame.
Esinala anafuula kuchokera pakati pa mizere:
Akalaliki! Akukuthamangitsani ndani? Ngongole?
Mpweya woyankhira ndinalibe.

Pa Khirisimasi alamu anga a Mulipa anabwera kuchokera ku Joni
ndi chitini chakuda, m'kati ufa woyera.
Ati ma amino asidi awa, alamu,
sipuni imodzi, mafuta asungunuka muli mtulo.
Ndinawakhulupirira, pakuti mawondo anali kuwawa.
Masabata atatu ndinavundula ufa m'kapu,
mabulugamu ndikungowapatsa moni ndili panjinga yakabaza.
Lamba sanasunthe ndi bowo limodzi.

Sisitala anatembenuza chitini, nawerenga timalemba take.
Izi ndi njerwa, bambo.
Minofu imamangidwa ndi zimenezi, sindikukana,
koma mmisiri wake ndi thukuta.
Njerwa zopanda womanga ndi mulu chabe pabwalo.
Malizani ngati mukufuna, mukamachokera kothamanga,
koma chikatha musagulitse mbuzi.
Njerwa zomwezi zili m'nandolo, m'dzira,
m'matemba a pamsika wa Bvumbwe.

Ndinabwerera kumitengo yanga, wamanyazi.

Kufakitale kuli ng'anjo youmitsira tiyi.
Akaleka kuponyamo nkhuni
chitsulo chimatenthabe, suchikhudza.
Ndi mmene ndakhalira inenso.
Dzuwa lakwera, ndasamba, ndakhala pasikelo,
koma pansi pa malaya china chake chikunyekabe,
chikudya nkhokwe imene ndinaunjika zaka zonsezi
ndi mandazi a teni koloko.

Miyezi itatu. Vulani nsapato, kwerani.
Handiredi ndi atatu.
Makilo anayi okha!
Esinala amathyola amenewo dzuwa lisanaume mame.
Ndinafuna kutukwana muvi,
ine wodziwa kuti sikelo imatha kunama.
Sisitala anati siyani muviwo, tambasulani chala.
Kadontho kanati mlendo uja wayamba kupeza chitseko.
Sikelo sisiyanitsa mafuta ndi mnofu, bambo,
funsani lamba.
Lamba anavomera: mabowo awiri.

Chitini chinatha. Mayi a kunyumba amasungiramo mchere.
Masitepe a ku ofesi ya malipiro
ndimakwera ndikuyankhula.

Dzulo pamtunda wachisanu miyendo inandinyengerera,
ndinaima pabulugamu wachisanu ndi chinayi.
Ndimayesa palibe wondiona.
Mawu anatuluka m'tiyi:
Watsala umodzi, akalaliki!
Ife mumatidula theka la kilo, ati masamba anyowa,
inu mukuba mtengo wathunthu?

Ndinathamanga mpaka wakhumi,
ndi wina pamwamba.
Masana dengu lake linabwera lonyowa ndithu.
Ndinayang'ana muvi nthawi yaitali,
cholembera chili m'mwamba,
iye akundiyang'ana pamimba.